Alendo akubwera kudzadya madzulo, nde muphike mwanjira iti kuti musathere kukhitchini?

Munthu ukaitana anzako kudzadya chakudya chamadzulo kunyumba, mutu umathamangira pa funso loti ndiphike chani chimene akachisimbe mpaka kwawo. Funso limeneli ndi limene limabweretsa mavuto, chifukwa limakulembetsa zakudya zambirimbiri papepala, zonse zofuna moto nthawi imodzi, chonsecho sitovu ili ndi malo awiri kapena anayi basi ndipo manja nawonso ndi awiri omwewo. Ine ndimayamba ndi funso lina: mphindi 30 zomaliza anthu asanayambe kudya, ndidzakhala ndikutani? Ngati yankho lake ndi kukazinga uku ndikutembenuza china, uku ndikusefa chinanso, menyu imeneyo yalakwika kale ngakhale chakudyacho chikome bwanji. Paja amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Anthu abwera kudzakhala maola atatu kapena anayi okha, nde zimandiwawa ndikaona mwini nyumba watha theka la nthawiyo ali chiimire kukhitchini, alendo akungoyang'anizana pabalaza, ena sadziwana nkomwe ndipo wowadziwanitsa ali kumoto.

Njira zimene anthu amatsata zilipo zingapo ndipo zonse ndiziyeza ndi muyeso womwewu wa mphindi zomaliza.

Mphika umodzi wophikiratu dzulo lake

Ndinene poyambirira pomwe kuti iyi nde imene ine ndimaiika patsogolo. Mumatenga nyama ya ng'ombe, makamaka ija yolimba ya m'miyendo kapena ya m'khosi yokhala ndi mitsempha, mumaikazinga kaye mpaka ifiire bwinobwino, kenako anyezi, adyo, tomato, kaloti, madzi pang'ono, nkuvundikira, moto wochepa maola awiri kapena atatu. Mitsempha ija ikakhalitsa pamoto wapansipansi imasungunuka, nyama imafewa ndipo msuzi umalemera wokha osafuna kuthiramo ufa. Nkhuku ya curry nayo imachita bwino chimodzimodzi, bola mugule ntchafu osati chidale, chifukwa chidale mukachiphika lero nkudzachifunditsanso mawa chimauma. Chosangalatsa ndi chakuti chakudya chamtunduwu chikagona mufuliji chimakoma kuposa tsiku limene mwaphika, zokometsera zija zimalowerera mpaka mkati, komanso mafuta amaundana pamwamba nde ngati achuluka mumangowaola ndi supuni. Tsiku la alendo ntchito yanu ndi kufunditsa basi ndi kuphika mpunga, umene umapsa pa mphindi 15 mpaka 20, ndipo mukauphula nkuusiya wovundikira umakhalabe wotentha pafupifupi theka la ola.

Chinanso chimene anthu sachiganizira ndi kuchedwa kwa alendo. Wina akatumiza meseji kuti pepani tachedwa, tifika pakatha ola, mwini mphika sagunda mtima ayi, amangochepetsa moto nkuthira madzi pang'ono ngati msuzi wayamba kuuma. Palibe chowonongeka.

Koma njirayi ili ndi zake zofunika kusamala, ndipo pano nditalikitsako chifukwa ndi nkhani ya mimba za anthu. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti chakudya chophika chisakhale panja kupitirira maola awiri, chozizira chizisungidwa pansi pa madigiri 5, chotentha pamwamba pa madigiri 60, chifukwa pakati pamenepo ndi pamene tizilombo timaswana mofulumira. Nde vuto la poto wamkulu ndi lakuti pakati pake pamachedwa kuzizira, kunja kukhoza kuoneka kuti kwazizira koma mukapisa supuni mkati mumapeza muli mofunda ngakhale patapita maola ambiri. Musamusiye pasitovu usiku wonse kuti ndidzaika mufuliji m'mawa. Gawani m'makontena awiri kapena atatu osazama, azizire msanga, alowe mufuliji. Mawa lake pofunditsa muonetsetse kuti msuzi wawira ndithu mpaka pakati, osangoti wafunda. Ngati fuliji ndi yaing'ono kapena mulibe, phikani masana a tsiku lomwelo nkusiya pamoto wochepa kwambiri kuti chisazizire mpaka nthawi yodya, mudzakhalabe mutapuma ndithu kuyerekeza ndi amene akukazinga alendo ali pakhomo.

Vuto lina ndi kaonekedwe. Nyama ya msuzi payokha imangokhala yofiirira, siikopa maso. Koma zimenezo zimatha ndi saladi yobiriwira pambali, ndimu yodula magawo anayi, timasamba ta coriander kapena parsley towaza pamwamba nthawi yomaliza.

Zonse pathireyi, mu uvuni

Iyi ndimaiika yachiwiri ndipo nthawi zina imapambana yoyamba ija, makamaka mukafuna kuti chakudya chioneke cha phwando. Ntchafu za nkhuku zokhala ndi khungu ndi fupa, mbatatesi zodula zazikuluzikulu, anyezi, kaloti, mafuta, mchere, adyo, zonse pathireyi, uvuni pa madigiri 200, mphindi 40 mpaka 45. Nkhuku mukhoza kuipakiratu zokometsera dzulo nkuigoneka mufuliji. Mumalowetsa thireyi alendo atangotsala pang'ono kufika, mumakasamba, mumawalandira, fungo limawapeza lokha pabalaza, ndipo mukatulutsa khungu lafiira likung'anima, mafuta ankhuku alowa m'mbatatesi, m'mbalim'mbali mwa anyezi mwada pang'ono. Chakudya chotere mukhoza kuchiika patebulo ndi thireyi yomweyo.

Pamene anthu ambiri amaphonya ndi podzadzitsa thireyi. Mukaunjika zinthu pamwamba pa zinzake, madzi otuluka mu nkhuku ndi m'masamba amasowa kothawira nde chakudya chimawira m'malo mowotcheka, khungu limatuluka loyera lonyowa. Thireyi imodzi imakwana anthu anayi, mwina asanu. Anthu asanu ndi atatu amafuna mathireyi awiri, ndipo uvuni wambiri wa m'nyumba sutentha mofanana pamwamba ndi pansi, ndekuti pakati pa nthawi muyenera kudzuka kukawasinthanitsa, komanso nthawi yophika imatalikirako. Apa nde pamene njirayi imayamba kugonja kwa mphika, chifukwa mphika wa anthu anayi ndi wa anthu khumi ntchito yake ndi yofanana, kusiyana kwake ndi kukula kwa poto basi.

Nkhuku yathunthu imaoneka bwino kwambiri patebulo, zoona, koma ya makilo 1.5 imafuna ola limodzi ndi mphindi pafupifupi 20, kenako ipume mphindi 10 kapena 15 musanaidule, kenako kudulako pamaso pa anthu, wina akufuna mwendo, miyendo ilipo iwiri. Ntchafu zimachotsa zonsezi, aliyense ziwiri nkhani yatha. Ndipo ntchafu zimapirira, mukaziiwala mphindi 10 zowonjezera sizuma ngati chidale. Ngati muli ndi thermometer ya nyama, kachipangizo koyezera kutentha kwa mkati mwa nyama, nkhuku yapsa ikafika madigiri 74 kapena 75 pamnofu wokhuthala osakhudza fupa. Ngati mulibe, bayani pafupi ndi fupa, madzi otuluka akhale oyera opanda kufiira.

Uvuni umafunanso kuti alendo asunge nthawi. Mbatatesi zowotcha zikadikira ola zimafewa nkutaya kukhukhuta kuja. Nde ngati anzanu mumawadziwa kuti ndi ochedwachedwa, lowetsani thireyi woyamba akafika, osati nthawi imene munapangana.

Kuwotcha nyama panja pamakala

Anthu amaikonda njira iyi ndipo ndikumvetsa chifukwa chake, macheza amasamukira pamoto, wowotcha sakhala yekha, wina amabwera kudzathandiza kutembenuza. Koma ndinene chilungamo, pa nkhani ya kupepuka iyi si yopepuka. Makala amafuna mphindi 20 mpaka 30 kuti akolere nkuyera phulusa pamwamba, moto wake sumvera batani, mvula kapena mphepo ikhoza kusokoneza zonse, ndipo chakudya chimapsa pang'onopang'ono nde ena amadya pamene ena akadali kudikira. Nkhuku ya fupa nde yovuta kwambiri, kunja yapserera mkati mukadali magazi. Amene amazidziwa amaiphika kaye mu uvuni kapena kuiwiritsa pang'ono nkuipititsa pamakala nthawi yomweyo kuti ingofiira ndi kutenga fungo la utsi. Mbale imene munanyamulira nyama yaiwisi musaikiremonso yopsa, ndipo mvula ikagwa musalowetse makala oyaka m'nyumba kapena mugalaji yotseka, mpweya wa carbon monoxide umene makala amatulutsa sununkha ndipo umapha.

Ngati muli awiri m'nyumba, wina pamoto wina kwa alendo, ndipo masaladi ndi mbatatesi mwakonzeratu, njirayi imatheka bwino. Ngati muli nokha, ine ndingati isiyeni.

Zophika pompopompo, aliyense pambale yake

Apa ndikunena steak yokazinga m'modzim'modzi, nsomba yokazinga, tchipisi, pasta wosakaniza ndi msuzi nthawi yomweyo, komanso kachitidwe kogawira aliyense pambale yake moyamba ndi supu, kenako chakudya chenicheni, kenako zotsekemera. Kulesitilanti zimatheka chifukwa kuli anthu angapo kukhitchini ndi ena onyamula mbale. Kunyumba ndi inu nokha. Chiwaya chimodzi chimakwana masteki awiri, nde pa anthu asanu ndi mmodzi mukazinga katatu, woyamba wazizira womaliza asanapse, utsi wadzaza m'nyumba, wina amafuna yopsa kwambiri wina yofiira mkati. Kwa alendo awiri kapena atatu amene mumamasukirana nawo moti akhoza kuima nanu kukhitchini nkumacheza, chitani, ndi zosangalatsa. Kupitirira apo ayi.

Ngati mtima uli pa pasta, sankhani wophika mu uvuni monga lasagne. Mumayala zonse dzulo, kugoneka mufuliji, tsiku lake mu uvuni, ndipo imafunika ipume mphindi 15 musanaidule, mphindi zimenezo nde mukukhazika anthu patebulo. Mwachotsa pasta m'gulu lovutali nkumuika m'gulu la uvuni lija.

Pa kagawidwe, kuika mbale zikuluzikulu pakati pa tebulo kuti aliyense adzitengere yekha kumapepukitsa zinthu kuposa mmene anthu amaganizira. Wodya pang'ono satsala ndi manyazi a chakudya chotsala pambale, wosadya china amangochilambalala osafunika kufotokoza, ndipo kupatsirana mbale kumayambitsa macheza pakati pa anthu amene sadziwana.

Aliyense abwere ndi chake, kapena kugula zophikaphika

Kuuza anzanu kuti aliyense abwere ndi kenakake kumachepetsa ntchito, koma kumafuna munthu wolongosola. Mukangoti bweretsani chilichonse, mudzalandira masaladi atatu ndi makeke awiri popanda nyama, kapena wina adzafika ndi chakudya chofuna uvuni ola lathunthu pamene uvuniwo muli kale zanu, ndipo amene wanyamula chakudya chachikulu nde amene achedwe. Nde inu gwirani chakudya chachikulu ndi mpunga kapena mbatatesi zake, enawo muwatchulire ndithu: achemwali inu saladi ya anthu asanu ndi atatu, achimwene zakumwa, uje zipatso. Muwauzenso kuti chibwere chokonzeka kale. Njirayi imayenda pa anthu ozolowerana, abale, anzanu akale. Ngati mwaitana abwana anu akuntchito kapena anthu amene akubwera koyamba, musawasenzetse mapoto.

Kugula zophikaphika palibe chochititsa manyazi. Nkhuku yowotcha kale ya m'sitolo, inu nkuphika mpunga ndi saladi, ndi chakudya chabwinobwino. Chokhacho, kuoda chakudya chonse kuti akubweretsereni kumakuikani m'manja mwa munthu wina, akachedwa inu mulibe chochita, ndipo zokazinga zikayenda ulendo zili zotsekera m'bokosi zimafika zitanyowa ndi nthunzi. Ine ndimaona kuti kugula kumathandiza kwambiri pa zoyambira ndi zomalizira: buledi wabwino, tchizi, ayisikilimu, keke. Mphamvu zanu zonse zipite pa chakudya chimodzi chachikulu chija.

Zoyendera limodzi ndi chakudya chachikulucho

Njira iliyonse imene mwasankha, menyu yake isapitirire zinthu zinayi: chachikulu chimodzi, chokhutitsa chimodzi monga mpunga, mbatatesi kapena buledi, cha masamba chimodzi, ndi chotsekemera chimodzi. Pa zinayizi chofuna dzanja lanu nthawi yomaliza chikhale chimodzi chokha, ndipo zisalimbirane malo, ngati chachikulu chili mu uvuni chotsekemera chisafunenso uvuni madzulo omwewo. Saladi ya letesi muitsuke ndi kuiumitsa masana, koma mafuta, ndimu ndi mchere muthire mukupita nayo patebulo, mukathira msanga masamba amafota nkutuluka madzi. Ya kabichi ndi kaloti nde imapirira, imakoma ikakhala maola angapo mufuliji. Zotsekemera musavutike nazo, zipatso zodula, kapena keke yophika dzulo, kapena ayisikilimu amene mwamutulutsa mufiriza mphindi 10 musanagawe kuti supuni ilowe.

Zoyambira zenizeni zofuna mbale ndi mafoloko ake ine ndimazichotsa. Kambale ka zotafuna pabalaza ndi chakumwa m'manja ndi zokwanira kuti anthu adikire mwamtendere, bola zisachuluke mpaka kuwakhutitsa.

Za kuchuluka kwa chakudya, pakuti mantha oti sichikwana ndi amene amaphikitsa anthu mopyola muyeso: nyama yopanda mafupa magalamu 150 mpaka 200 pa munthu, ya mafupa 250 mpaka 300, mpunga wosaphika magalamu 60 mpaka 75, pasta 80 mpaka 100. Ndekuti pa anthu asanu ndi mmodzi, makilo 1.2 a nyama ndi theka la kilo ya mpunga zikukwanirani nkutsalako. Ngati mukudziwa kuti mwaitana anyamata odya ndi mtima wonse, onjezerani mpunga ndi buledi osati kuyambitsa mtundu wina wa chakudya. Nyama ikakhala youndana mufiriza muitsitsire mufuliji dzulo lake, ikakhala yaikulu ngakhale dzana, chifukwa makilo awiri amatenga pafupifupi tsiku lathunthu kuti asungunuke, ndipo kuisiya panja pa tebulo tsiku lonse si njira yabwino.

Funsani za zakudya zimene anthu sadya pa nthawi yoitana yomweyo, osadikira tsiku lake. Chiganizo chimodzi pameseji, pali chimene simudya? Ena sadya nkhumba kapena nyama ina chifukwa cha chipembedzo, ena sadya nyama konse, ena thupi lawo limadana ndi mtedza, mkaka, mazira, nsomba kapena tirigu, ndipo kwa ena mtedza pang'ono chabe ukhoza kuwatsekereza kupuma nde si nkhani yoti angochotsa pambali pa mbale. Apanso mphika umapambana, chifukwa mukhoza kukazinga anyezi, tomato ndi zokometsera pamodzi, nkugawa pawiri musanaike nyama, poto wina nyama, wina nyemba kapena mphodza. Wosadya nyama uja amadya chakudya chofanana ndi anzake m'malo mongopatsidwa saladi. Nyemba zofiira zouma muziviike kaye ndipo ziwire mwamphamvu mphindi zosachepera 10 musanachepetse moto, chifukwa zosapsa bwino zimatsegula m'mimba ndi kusanzitsa. Za m'chitini zilibe vuto limeneli.

Ndipo chonde, tsiku la alendo si tsiku loyesera chakudya chimene mwangochiona pa YouTube. Phikani chimene manja anu akuchidziwa, chimene mukhoza kudziwa ndi fungo lokha kuti chapsa. Chatsopanocho chiyeseni kaye pa banja lanu sabata ina.

Nde kusankha kwake kumatengera anthu angati ndiponso muli ndi chani. Anthu anayi kapena asanu, uvuni ulipo, ndi osunga nthawi: thireyi ya ntchafu ndi mbatatesi. Anthu asanu ndi mmodzi kupita m'tsogolo, kapena tsikulo mukuweruka kuntchito madzulo omwewo, kapena pali wosadya nyama: mphika wa dzulo, mosakayika. Anthu khumi ndi kupitirira amene mumadziwana nawo bwino: mphika womwewo, enawo abweretse saladi, zakumwa ndi zotsekemera. Makala akhale a tsiku limene muli ndi wokuthandizani ndipo kunja kuli bwino.

Ngati mwasankha mphika, dzulo lake mukamaliza kuphika yalanitu tebulo, werengani mipando, mbale, matambula ndi masupuni ogawira, chifukwa supuni yogawira nde imasowa nthawi yomaliza. Tsiku lake, ola limodzi alendo asanafike, poto pamoto wochepa, saladi mufuliji, sinki yopanda mbale zakuda kuti za madzulo zipeze pofikira. Mpunga muutereke woyamba akagogoda.

Mukatha kudya, macheza akakoma nkosavuta kuiwala mapoto patebulo, koma maola awiri aja akuwerengedwabe. Dzukani kamphindi muike zotsala mufuliji, makamaka mpunga. Mpunga umakhala ndi kachilombo kotchedwa Bacillus cereus kamene sikaferatu pophika, nde ukakhalitsa panja wofunda kamaswana nkutulutsa poizoni amene kufunditsa sikumuchotsa. Uyaleni pambale yotakata kuti uzizire msanga, ulowe mufuliji pasanathe ola ngati nkotheka, ndipo mudye mawa lake. Nyama ya msuzi imatha kukhala masiku atatu kapena anayi mufuliji, koma ngati yatsala yambiri ndipo munaifunditsa kale kamodzi, ndi bwino kuwapakirira alendo m'timakontena akamanyamuka, muwauze kuti akaike mufuliji akangofika ndipo adye mawa lomwelo.